Akashembe pa Msana wa Amayi

Fungo la salaula silindichoka m'mphuno. Ndi fungo la mankhwala losakanikirana ndi thukuta la anthu amene sitidzawaona, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamsika akumasula belo la zovala zakunjazo, mtima umandigunda ngati ndaiwala mwana penapake. Fungolo linalowa m'nyumba mwathu chilimwe chimene atate anamwalira. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mlongo wanga Zuze anali akadayamwa.

Tinkakhala pamudzi wina kunja kwa Nyimba, pamunda wa abale a atate. Amayi anachokera ku Mozambique. Anathawa nkhondo ali mtsikana, ndipo anzawo atayamba kubwerera, iwo anatsala chifukwa cha ukwati, komanso kwawoko kunalibe amene anatsala woti n'kuwalandira. Chaka chimenecho mvula inali itakana. Boma latsopano la zipani zambiri linali litatseka depoti imene atate ankatengako feteleza, ndipo nkhokwe yathu inayamba kuoneka pansi mphepo yozizira isanathe n'komwe.

Maliro atatha, a Mumba, akulu awo a atate, ananena kuti amayi avale zakuda mpaka adzawasudzule tikakolola. Ananena mofatsa, atakhala pampando wa atate, kuti mkazi wovula zakuda nthawi isanakwane ndiye kuti anali ndi wina kale, ndipo wotereyo munda wa malemu saulima. Amayi anangowomba m'manja. Ananyika m'dayi diresi lawo la kutchalitchi, duku ndi chitenje choberekera mwana, zonse zinatuluka zakuda bii, ndipo zala zawo zinakhala zodetsedwa kwa masabata.

Chakudya chitatheratu, mayi wina wa pamsika anayamba kuwapatsa amayi mtolo wa salaula kuti azikasinthitsa ndi chimanga ku Luembe, kumene anthu a m'mbali mwa mtsinje anali atapezako pang'ono m'madimba. Chimene abwera nacho ankagawana pakati. Ya galimoto panalibe, choncho tinkadutsa njira yachidule ya m'mapiri. Zuze sakanatsala chifukwa cha bere. Ine ndinasiya sukulu temu imeneyo kuti ndizinyamula chigubu cha madzi.

Mapiri amenewo ndimawalotabe. Tchire linali litapsa, phulusa likulowa pakati pa zala za kumapazi, miyala ikutentha ngati chiwaya. Mitengo inali itayamba kuphukira timasamba tofiira tosapereka mthunzi, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'mutu kuchita waa. Tikangoyamba kutsikira mbali ya kuchigwa, akashembe ankatipeza. Ndi ntchentche yotuwa, yopinda mapiko ngati sizasi. Imatera osaimva, kenako imabaya ngati singano yootcha pamoto, ngakhale pansalu. Ukaimenya imagwa pansi, n'kudzuka, n'kubweranso. Kuti ife umayenera kuigwira ndi kuifinya pakati pa zala, ndipo magazi amene amatulukawo amakhala ako omwe.

Ntchito yanga inali kuyenda kumbuyo kwa amayi ndi nthambi ya masamba, kumaingitsa. Sindinachedwe kuona kuti pa diresi langa lachikasu pankatera mmodzimmodzi, koma pa zakuda za amayi ankaunjikana. Ndipo pamsana pomwepo, m'chitenje chakuda, ndi pamene panali Zuze. Ankamuluma pakhosi, kuseri kwa makutu, ndi timiyendo take totulukira m'mbali. Ankalira mpaka mawu kutha, n'kumangotsegula kukamwa. Ndinkamenya ndi nthambi, kenako ndi manja, nthawi zina kumenya mwana yemweyo, ineyo ndikulira.

Ku Luembe ndi kumene ndinamva za kaodzera. Pakhomo lina pamene tinkasinthitsa malaya panali mnyamata wamkulu ndithu atatsamira chipupa, ali m'tulo dzuwa lili paliwombo, chinangwa chili m'kamwa chosatafuna. Mayi ake anati anali mlenje wamphamvu, ndipo ndi ntchentche zomwezi zinamuchita zimenezo. Kenako anasuzumira m'chitenje cha amayi, naona zotupa za Zuze.

"Amai, uyu mwana simufika naye ku dzinja mukamayenda naye tele," anatero.

Amayi anapinda malaya otsala, n'kumanga mtolo.

Sabata yotsatira Zuze anatentha thupi. Kukiliniki anati ndi malungo, anatipatsa mapiritsi, koma namwino ataona khosi lake anakalipa kuti mwanayu asapitenso kumene akulumidwako. Amayi anavomera. Titafika kunyumba anatsegula thumba la chimanga, nayang'anamo nthawi yaitali. Munali cha masiku ochepa chabe. Womusiyira mwana woyamwa, wodwala, panalibe, pakuti aliyense pamudzi anali ndi njala yake. Zuze atangoyamba kuseka pang'ono, tinanyamukanso.

Tili m'tsinde mwa phiri ndinawagwira dzanja. Ndinawachonderera kuti avule zakudazo, angovala diresi loyera limodzi la mumtolo, tikadutsa mapiri adzavalanso. Ndinati kuno kulibe munthu wotiona. Iwo anati njira ili ndi maso, muli ofula uchi, muli otcha misampha, ndipo onsewo amamwa mowa ndi a Mumba.

"Ndikavula lelo, mailo munda wapita," anatero. "Mudzadyela kuti?"

Kenako anachita chimene sindinachiyembekezere. Anatula mtolo, natulutsamo nsalu yoyera ya pabedi, namasula Zuze kumsana kwawo, n'kumubereketsa ine. Anamukulunga yense mpaka mapazi, kungosiya timaso ndi kamphuno. Anandilanda nthambi ija n'kuitaya. Anati iwo azitsogola, ine ndizibwera patali, ndipo ndisayerekeze kuwayandikira mpaka titatuluka m'mitengo.

Sindinamve. Nditangoona kuti akutalikira ndinathamanga, Zuze akundigunda pamsana. Amayi anacheuka, natola mwala, n'kuuponya pafupi ndi mapazi anga. Anali asanandiponyerepo kanthu chibadwire changa. Ndinaima. Iwo anatembenuka n'kumapita, ndipo ndinawatsatira patali monga ananenera, makutu akundiwotcha ndi manyazi ndi mkwiyo.

Umo ndi mmene tinayendera maulendo onse otsala mpaka mvula. Zuze ankalemera, nsalu inkandidula mapewa, ndipo akamva njala ankandikanda khosi, kulirira mayi ake amene ankawaona kutsogolo osacheuka. Kutsogoloko amayi ankayenda manja onse ali m'mwamba, kugwira mtolo popita, thumba la chimanga pobwera, opanda dzanja lodziingitsira. Dzuwa likawomba bwino ndinkaona msana wawo ngati ukuwira. Ife ankatilumabe, koma apa ndi apo. Zotupa za Zuze zinayamba kuuma. Madzulo kunyumba amayi ankatsitsa diresi mpaka m'chiuno kuti ndiwathowe ndi madzi otentha, ndipo panalibe poika chala posatupa. Sankadandaula. Ankangofunsa ngati mwana wagona.

Ndinene zoona, nyengo imeneyo ndinkadana nawo. Ndinkaona ngati asankha diresi ndi mawu a a Mumba, n'kunditayira ine katundu wawo. Ndinkasilira anzanga amene amayi awo anali ndi kwawo, ndi alongo oti n'kuwayankhira pabwalo.

Mvula yoyamba itagwa tinasiya maulendo n'kuyamba kubzala. Ndi pamene amayi anayamba kudandaula mutu. Kenako kutentha thupi kobwera n'kupita, timabumphu kuseri kwa khosi, ndi kukwiya kosadziwika chifukwa. Tsiku lina ndinapita kumunda ndi phala la Zuze, ndinawapeza amayi atagona mumzere, nkhope ili m'dothi lonyowa, mbewu zili m'dzanja. Ndinawagwedeza, ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Ndinathamangira kwa a Mumba, Zuze ali kumsana, ndikukuwa njira yonse.

A Mumba anawamangirira panjinga ndi chitenje, nawakankha mpaka ku Nyimba, ndipo kuchokera kumeneko anawatumiza kuchipatala chachikulu. Anali kaodzera. Anamwino ndi amene anawavula zakuda zija, osafunsa aliyense. A Mumba anali pomwepo, ndipo akuti ataona msanawo anatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Amayi atabwerako, atawonda ngati bango, a Mumba sanadikirenso kukolola. Anaitana abale, nawasudzula, nanena kuti munda ndi wa ana a mng'ono wawo ndi mayi wawo. Mzere umene amayi anagwapo anaumaliza ndi a Mumba omwewo.

Amayi alipo mpaka lero, ngakhale dzanja lawo lamanja limanjenjemera ndipo amaiwala mayina a adzukulu. Zuze ndi chimunthu chachitali, amayendetsa minibasi. Ine ndinabwerera kusukulu, ndili ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi ndi mwana wamkazi wa chaka chimodzi. Bambo ake amandiseka kuti ntchentche ikangodutsa pafupi ndi mwanayo ndimadzambatuka ngati kwalowa njoka. Ndimamuvula, kumuyang'ana khosi, kuseri kwa makutu, ndipo ngakhale ndisapeze kanthu mtima sukhala pansi. Tsiku lina amayi atandiona ndikuchita zimenezi, ndinawafunsa za mapiri aja, ngati ankadziwa chimene chidzawachitikire. Anaseka pang'ono.

"Zinali kufuna munthu womuluma," anatero. "Nanga ndikanazipatsa ndani?"

Ndili mwana ndinkaona mayi wouma mtima, amene ankatisiya kumbuyo ndi kundiponyera mwala. Tsopano ndimaganiza za makutu awo. Ankamumva Zuze akulira njira yonse, mawere ali odzaza, ndipo ankadziwa kuti akangobwerera kudzamutonthoza abwera nalo gulu lonse lija. Wanga akangotsokomola kuchipinda ndimasiya makope a ana asukulu, ndimasiya chilichonse, n'kuthamanga. Sindidziwa ngati ine ndikanatha kuyenda osacheuka.