Makoko a Mtedza m'Khoma la Uvuni

Chinali chaka cha 1994, mwezi wa Juni, ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Lero ndakalamba, koma ndikamva fungo la makoko a mtedza akunyeka padzala la munthu, ndimaima panjira mpaka nditauona motowo ndi maso anga.

A Zakeyu tinayandikana nawo nyumba kwathu kwa Dzoole chibadwire changa. Ndinakula ndikuwatchula agogo, ngakhale panalibe ubale. Pa unyamata wawo ankaphikira mzungu wina wa ku Italy womanga milatho, ndipo anabwerera kumudzi ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi luso lomanga uvuni. Tili ana, pa Khirisimasi tinkadzutsidwa ndi utsi wa nkhuni za msuku wochokera kuseri kwa nyumba yawo, wosakanikirana ndi fungo la buledi wopyapyala wopaka matimati ndi anyezi, amene iwo ankati pitsa, ife n'kumati chigumu cha mzungu. Uvuni umenewo unagwa ndi mvula kalekale. Pofika chaka ndikunenachi maso awo anali atachita ng'ala, ankaona ngati munthu woyenda m'chifunga.

Nthawi imeneyo anthu sankawafuna. Pa voti ija ya nyali ndi tambala, yosankha zipani zambiri kapena chimodzi, mudzi wonse unali ku tambala. Iwo okha ananena poyera kuti aponyera nyali. Boma litasintha mu Meyi, anthu ankadutsa pakhomo pawo osapereka moni.

Ine za ndale sindinkalowamo. Ndinali mmisiri wa njerwa, mkulu wa mpingo, ndipo chaka chimenecho ndinali nditalima fodya koyamba. Anali atauma bwino m'chigafa, akudikira jeke yodindira mabelo imene inkazungulira m'mudzi. Mkazi wanga, Nangozo, ankafuna kugulitsa masikono pamsika, poti aliyense anali atayamba geni. Ndinapita kwa a Zakeyu.

"Agogo, mundiphunzitse uvuni."

"Inu a Yohane, mmisiri wamkulu, ndikuphunzitseni ine?"

"Nyumba ndimaidziwa. Uvuni ayi."

"Mwayamba bwino. Kasakeni mabotolo osweka."

Kwathu ndi pachitunda. Malo athyathyathya anali amodzi okha, kuseri kwa khitchini, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pachigafa. Iwo anayeza ndi ndodo yawo, anati pafupika. Ine ndinati palibe pena. Anayankha kuti, "Ndiye bulangeti lake likhale lochindikala."

Tinamanga masabata awiri. Iwo ankakhala pachitsa, ine ndikugwira. Pansi tinayala miyala, pamwamba pake mabotolo osweka ndi mchenga, kenako njerwa zogoneka zopanda dothi pakati. Tinaunjika mchenga wonyowa ngati chulu, ndipo ndinamanga njerwa mozungulira muluwo ndi dothi la pachulu, mzere ndi mzere, iwo akupapasa ndi zala njerwa iliyonse n'kumati iyi yaweramira kunja, ichotseni. Ndinachotsa zambiri. Palibe munthu wina amene akanandiuza zimenezo ine n'kumumvera. Dothi litagwira tinakumba mchenga uja kudzera pakhomo, denga la uvuni n'kuima lokha. Pamwamba ndinamangapo kachisakasa ka udzu koteteza mvula.

Chinatsala ndi bulangeti lija. Ndinamanga khoma lachiwiri kunja, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka kuzungulira. Mpata umenewo unkafunika kudzaza phulusa, kuti kutentha kusathawe.

"Moto ukhale m'kati," anatero a Zakeyu. "Kunja kukhale koti nkhuku n'kugonapo. Phulusa linapsa kale, silingapsenso. Musaikemo china."

Pankafunika matumba asanu ndi limodzi. Ndinasesa kukhitchini kwanga, kwawo, ndi pamene ndinaotchera njerwa. Anakwana awiri. Otsalawo anati ndikapemphe m'makomo. M'mawa mwake mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa ku Ntchisi, anabwera kudzawatenga kuti akaonetse maso kuchipatala ku Dowa boma. A Zakeyu anati abwera pakapita masiku awiri, apeze ndadzaza.

Kwathu phulusa la pamafuwa a munthu sapempha wamba. Anthu amati wolitenga akufuna kukamangira mankhwala banja lako. Ndinkadziwa. Komabe ndinatenga thumba, ndinayamba ndi kwa a Chisale, amene tinkaimba nawo kwaya. Ndinawapeza akusema mpini, amuna ena atatu ali pomwepo.

"Phulusa la pamafuwa anga?" anatero. "Akutumani a nyali aja eti? Boma mwatilanda, tsopano mukufuna ndi phulusa lomwe?"

Amuna aja anaseka. Wina anati, "A mkulu a mpingo ayamba kuyenda ndi thumba."

Ndinapinda thumba langa. Sindinapitenso khomo lina.

Kunyumba ndinapeza mulu wa makoko a mtedza umene Nangozo anasiya ataswa mtedza wa chaka chimenecho. Anali ouma, opepuka, ambiri. Ndinaganiza kuti ali m'kati mwa makoma awiri, mpweya sulowa, angapse bwanji. Ndine mmisiri. Nangozo ali kudimba, ndinathira makokowo mumpata muja, ndinapondereza ndi mtengo, pamwamba ndinathira matumba awiri a phulusa aja. Ndinamata ndi dothi, ndinatsutsuta bwinobwino.

A Zakeyu atabwera anazungulira uvuni ndi ndodo. Anagogoda khoma ndi chala, pamwamba, kenako pansi. Anagogodanso.

"Pansipa pakulira mopepuka."

"Phulusa lake ndi louma kwambiri, agogo."

"Anakupatsani anthu?"

"Anandipatsa."

Anandiyang'ana ndi maso awo oyerawo nthawi yaitali. Anati, "Mwatero ndinu."

Masiku anayi tinasonkha timoto ting'onoting'ono toumitsa dothi. Palibe chinachitika. Mtima wanga unakhala pansi.

Tsiku lachisanu linali Loweruka. Mwera unkawomba kuchokera kumapiri chiyambire m'mawa, udzu wa padenga ukuchita phokoso. Tinasonkha moto waukulu mpaka njerwa za m'kati zinayera. A Zakeyu anakokera makala kumbali, anawaza ufa pang'ono pansi pa uvuni, ananunkhiza mmene ukupsera, anati tiike. Masikono oyamba anatuluka ofiirira, otukuka. Nangozo anawayala m'lichero akumwetulira. A Zakeyu anakanda mtanda wawo, anaupyapyalitsa ndi botolo, anapaka matimati. Fungo linaitana anthu. Ngakhale a Chisale anabwera, anaima patali manja ali kumbuyo.

Dzuwa litapendeka pang'ono, a Zakeyu anasiya kulankhula. Anakweza mphuno. Anadzuka, anayamba kuyendetsa kuseri kwa dzanja pakhoma lakunja. Atafika mbali yoyang'ana kuchigafa anachotsa dzanja msanga.

Anandiitana chapansipansi. "A Yohane, mwaika chiyani umu?"

"Phulusa."

"Phulusa silinunkha mtedza."

Anthu anali pafupi. Nangozo anali pafupi. A Chisale anali atasendera.

"Nenani msanga mwana wanga," anatero. "Ndidziwe chochita."

"Ndati phulusa, agogo."

Anatembenuka, analankhula mokweza kuti onse amve. "Tulutsani fodya m'chigafa. Sasulani udzu uwu."

Amuna anayang'ana ine, mwini khomo. Ndikanangogwedeza mutu, fodya yense akanatuluka, manja analipo okwanira. Koma kutulutsa fodya kunali kuvomera kuti m'khomamo muli kanthu. Ndinati, "Musavutike. Ndi dothi chabe likuuma."

A Zakeyu sananditsutse. Anatenga khasu langa, anayamba okha kugwetsa kachisakasa. Anali atangodula mzati umodzi pamene dothi lomata lija linang'aluka. Munatuluka utsi woyera, wokhuthala. Mpweya utalowa, makoko amene ankanyeka mwakachetechete chiyambire m'mawa anayaka nthawi imodzi. Lawi linagwira udzu wa kachisakasa. Mkuluyo anaukoka ndi manja kuti ugwere mbali ina, koma mwera unanyamula chipukutu choyaka n'kukachiika padenga la chigafa.

Fodya wouma sachedwa. Tinathamanga ndi ndowa, koma chitsime chili kumunsi kwa phiri. Tinatulutsa mitolo inayi yokha. Moto unalumphira pakhitchini, ndipo nyumba yaikulu inapulumuka chifukwa cha malata. Pamene ndinatembenuka ndinaona a Zakeyu atakhala pansi, manja atawatambasula patsogolo, khungu likulendewera, Nangozo akuwathira madzi.

Moto utazima anthu anaunjikana pabwinja. A Chisale ndiwo anayamba.

"Ndinanena ine. Phulusa la m'makomo ankalifuniranji? Uvuni wanji wophulika m'khoma? Madala awa ali ndi zawo."

Ena anavomereza. Mayi wina anati nyali ija ndi imeneyi, yatentha mudzi. Mnyamata wina anatola chibuma.

Khoma lakunja linali litagumuka mbali imodzi. Pansi pake panali makoko akuda, ena osapsa bwino, oonekeratu kuti ndi a mtedza. Ndinawaona. A Zakeyu anadzuka, anayenda mopapasa ndi mapazi mpaka pamenepo. Anamva kukhukhuta kwa makokowo pansi pa phazi. Anaima pomwepo, anawapondereza, anakankhirapo dothi.

"Ndalakwitsa ndine," anatero. "Ndakalamba, maso kulibe. Ndinaika uvuni pafupi ndi fodya wa mwanayu."

Onse anayang'ana ine. Ndinali mkulu wa mpingo, mawu anga akanamveka. Ndinangoti, "Asiyeni, ndi okalamba." Mnyamata uja anataya chibuma. Anthu anati ndine wamtima wabwino.

Patatha sabata mwana wawo anabweranso kudzawatenga, ulendo uno ndi katundu yense. Usiku wa dzulo lake anthu anali atagenda denga lawo. Ndinapita kukathandiza kukweza katundu pangolo. Manja awo anali okulungidwa nsalu mpaka m'zigongono. Anandizindikira ndi mayendedwe.

"A Yohane."

"Wawa agogo."

"Makoko aja mukanawasakaniza ndi dothi lonyowa, akanagwira ntchito kuposa phulusa. Mzungu uja ankatero ndi utuchi. Mukanangofunsa."

Ngolo inanyamuka.

Anamwalira ku Ntchisi chaka chotsatira, ndi chifuwa chawo chija. Zala zitatu za dzanja lamanja sizinawongokenso. Nangozo ndinamuuza titabwera kumaliro. Anati ankadziwa, mulu wa makoko sungasowe wokha. Kumpingo ndinakanena patapita zaka zitatu, ndipo ndinatula udindo. A Chisale anati zakale zimenezo, bwanji ndikuzifukula.

Kuyambira pamenepo ndamanga mauvuni khumi ndi anayi, kuno kwa Dzoole, ku Bowe, mpaka kuboma. Palibe umene unang'aluka. Phulusa ndimakapempha ndekha, khomo ndi khomo, thumba lili paphewa. Wondiseka aseke. Ndikamaliza ndimaika kuseri kwa dzanja pakhoma, ndipo sindichoka mpaka moto utazima.

Tsiku lija panapita chigafa chimodzi. Fodya wa chaka chonse, kupatula mitolo inayi. Khitchini, ndi matumba atatu a mtedza amene anali m'menemo. Nkhuku yofungatira ndi mazira ake asanu ndi anayi. Uvuni umene unaphika tsiku limodzi. Zala zitatu za a Zakeyu. Nyumba yawo, imene inagwa yopanda munthu, ndi manda awo amene akanakhala kuno pafupi ndi a akazi awo.