Chambo pa Bampa ya Vi-eyiti

Ine ndinakula mpaka kumera imvi ndikukhulupirira kuti injini ya masilinda ambiri imamwa mafuta ochepa. Musaseke msanga. Nzeru imeneyi sindinaitole pamsewu ayi, ndinaitenga m'madzi. Ndili mnyamata ndinkapalasa nawo boti la asodzi, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti tikakhala anayi pa nkhafi tinkafika kugombe malilime ali panja, koma tikakhala asanu ndi atatu tinkafika tikuimba. Ndiye nditamva kuti m'kati mwa injini muli timiphika totchedwa masilinda, momwe tianyamata tachitsulo timapalasa usana wonse, ndinawerengera mwachangu. Ochuluka amapepukitsana ntchito, ndipo wosatopa samva ludzu. Sukulu ndinalekera sitandade folo, koma samu imeneyi ndinaikhoza ndekha, popanda mphunzitsi.

Galimoto yake ndinaipeza chonchi. Ndinagwira ntchito ya m'maluwa zaka zambiri pa loji ina ku Senga Bay. Kuseri kwa khitchini kunali chigalimoto cha ku Amereka chomwe mwini loji, mzungu wina wokalamba, anabwera nacho kalekale, anthu asanayambe kuyenda ndi mafoni m'thumba. Chofiira, chachitali, zitseko ziwiri zokha, boneti yoti mungayanikepo usipa wa banja lonse. Chiwongolero chili kumanzere, kumene kumakhala wokwera. Chinali chitafa zaka ndi zaka. Bwanayo pobwerera kwawo anagawa katundu: wophika anapatsidwa firiji, mlonda njinga, ine chigalimotocho. Wophika anabwera kudzandipepesa. Ine ndinaona kuti ndi nsanje chabe.

Chinafika pakhomo chikukokedwa ndi ng'ombe za mlamu wanga wa ku Maganga, ine ndili pa chiwongolero, chigongono pawindo, ndikupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sitiyankhulana.

Mayi a kunyumba kwanga amagulitsa nsomba zaziwisi. Amagula kugombe m'mamawa n'kukwera kabaza kapena matola kupita nazo ku boma, dzuwa lisanazifewetse. Tsiku limenelo anachizungulira chigalimotocho mmene amachitira ndi nsomba yokayikitsa, kungotsala kuchitsegula makha.

"Bambo, ichi chimadya chiyani?"

"Sichidya, mayi. Chagona."

"Nanga chikadzuka?"

"Chikadzuka muzidzapita ku boma mutakhala pampando ngati mkazi wa nduna."

"Chabwino. Ndinene pamaso pa chimenechi kuti nacho chimve. Chikandifikitsa ku boma chambo changa chili cholimba, chikhala. Chikalephera, ndiitana anthu ogula zitsulo adzachidule, ndipangitse mbaula. Malo chaimawa ndinkafuna kumangapo khola la abakha."

Mayi amenewa akanena za abakha sakhala akuseka. Ndinathamangira kwa msuweni wanga, mwana wa amalume, amene ndi makanika wa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Mukudziwa chisuweni: timatukwanana kuyambira tili osavala, ndipo palibe anakwiyapo. Anabwera, natsegula boneti, nachotsamo mazira a nkhuku, n'kusuzumiramo mwaulemu ngati munthu walowa m'tchalitchi cha eni.

"Asuweni," anatero, "njira zilipo zitatu, ndipo ndi mutu wanu umenewo ndikudziwa kale kuti musankha yolakwikayo."

Yoyamba inali kainjini ka dizilo ka masilinda anayi. Kanachotsedwa m'pikapu ina yomwe inagubuduka, ndipo mlimi wina wa ku Chinguluwe ankapopera nako madzi m'munda wa mpunga. "Kamanyambita mafuta ngati mphaka," anatero msuweni. "Sikathamanga, koma kamafika."

"Kamphakako," anatero mayi ali pakhonde, osatukula n'komwe mutu pa nsomba yomwe ankapala mamba.

Yachiwiri inali ya masilinda sikisi, ya lole yakale yomwe inkatuta chimanga ku Chitala. Yamphamvu, yolemera, yosadandaula. Yachitatu inali kudzutsa mwini nyumba, injini yomwe inali m'menemo kale. Msuweni anaitchula motsitsa mawu, ngati dzina la apongozi: vi-eyiti. Masilinda asanu ndi atatu, anayi uku, anayi uku, atapendekerana ngati zala ziwiri zotambasula.

Ine ndinayamba ndi kamphaka kaja. Ndinati m'boneti yaikulu chonchi kazikaoneka ngati mbewa m'nkhokwe, ndipo ndikatsegula anthu azindifunsa kuti injini ndaisiya kuti. Ya lole ndinaikana chifukwa cha mawu ake. Munthu sungavale jekete n'kumalira ngati lole, anthu azikuimitsa kuti uwanyamulire matumba. Kenako ndinawakhazika pansi onse awiri n'kuwaphunzitsa samu yanga ya nkhafi.

Apa msuweni anayenera kundiwongola, poti ntchito yake ndi imeneyo. Koma munthuyo anakalamba akukonza maminibasi, ndipo vi-eyiti anali asanaimvepo ikulira chibadwire. Anayang'ana injini, nayang'ana mayi, nayang'ana kumwamba.

"Samu yake ikumveka," anatero.

Mayi anangopitiriza kupala mamba, koma mpeni unayamba kumveka mokweza.

Ntchito inatitengera nyengo yonse ya mwanamvula. Mu kabureta tinapezamo chisa cha mavu, ndipo eni ake sanasamuke mwamtendere. Mawaya anali atadyedwa ndi makoswe. Tanki inali itabooka ndi dzimbiri ngati sefa, ndiye msuweni anati tiyike chigubu cha petulo pampando wakumbuyo, paipi ichoke m'menemo kupita ku injini. Batire tinabwereka ya zokuzira mawu za kutchalitchi, titalonjeza kubweza lisanafike Lamulungu.

Tsiku lomwe inadzuka sindidzaliiwala. Inayamba yakhosomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Inakhosomolanso. Kenako inabangula. Abale anga, ndamvapo mvuu, ndamvapo chiphaliwali cha pa nyanja, koma izi zinali zina. Mbale zinavina pathandala. Mbuzi ya aneba inadula chingwe. Abusa, amene amakhala kuseri kwathu, anatulukira Baibulo lili m'manja, nsapato imodzi. Itakhazikika inayamba kuti gudu, gudu-gudu, gudu, mawu olowa kumapazi n'kukatulukira pachifuwa. Msuweni anavula kapusi. Ine ndinamva ngati ndabwerera pa msinkhu wofunsira.

"Mwaimva, mayi?" ndinafuula.

"Ndaimva. Ndi ku boma komwe aimva. Chatsala n'chakuti ationeko."

Kuno kunyanja ngakhale mwana amadziwa kuti nsomba yaiwisi siikwera m'kati mwa galimoto. Umaimangirira ndi mlaza pa galasi la m'mbali kapena pa waipa, kuti mphepo iziyiomba poyenda. Ndiyo firiji yathu imeneyo. Koma anthu a ku Amereka, pomanga chigalimoto chachikulu chonchija, anaikapo kagalasi kamodzi kokha, kochepa ngati chikhatho. Chambo cha mayi chinali chodzaza dengu. Ndiye m'mawa wa tsiku la mayeso ndinamangirira china pa kagalasiko, china pa mawaipa, china pa zogwirira zitseko, china pa bampa, ndipo chotsala ndinachindandalika pa tizitsulo ta kutsogolo kwa rediyeta, poti mphepo imayambira pomwepo. Galimoto inaoneka ngati namwali wovala mikanda.

Ine ndinavala jekete yanga yakale. Msuweni anakhala kumbuyo atapana chigubu ndi mawondo. Mayi anakhala kumanja, kumene m'magalimoto a anthu kumakhala dalaivala. Titangolowa mumsewu wa tala anthu anayamba kuwaombera m'manja iwowo, ena n'kumakuwa kuti agogo akuyendetsa osagwira chiwongolero.

Vuto loyamba linali lakuti ine kumanzere kuja ndinkaona ngalande ndi minda ya chinangwa basi. Zobwera kutsogolo ankaziona ndi mayi. Tinapeza ngolo ya udzu ikuyenda pakati pa msewu.

"Mayi, ndidutse?"

"Dutsani. Ayi, bwererani! Bwererani, bambo inu, kukubwera minibasi!"

"Tsopano?"

"Tsopano kuli njinga ya makala."

"Tsopano?"

"Tsopano khalani chete ndipemphere."

Vuto lachiwiri linali injiniyo. Anaipangira misewu ya kwawo, yoti munthu umaponda n'kuiwala. Msewu wathu ndi wa akabaza, mbuzi, maenje, ana a sukulu ndi galu wogona amene sasuntha ngakhale kubwere ndani. Ndikangokhudza ndi chala cha phazi, chigalimoto chinkalumpha ngati chalumidwa ndi linthumbu, mayi n'kugunda mutu kumbuyo. Ndikaponda buleki, n'kugunda kutsogolo. Giya yachiwiri ndinangoimva mbiri. Tinkakwawa pambuyo pa ngolo ija tikubangula ngati ndege, mphepo yoti iombe chambo palibe, akabaza akutidutsa n'kumatipatsa moni.

"Asuweni," anatero wa kumbuyo akugwedeza chigubu, "anyamata anu asanu ndi atatu aja akumwa ngati ali pa chinkhoswe."

"Akungotsuka kukhosi. Akakhazikika asiya."

"Ndikufunseni. M'boti muja mukakhala asanu ndi atatu, mphika unkakhala wa anthu anayi?"

Samu yanga inagwera pomwepo, ndipo ndinamucheukira.

"Ndiye unkadziwa, mfiti iwe?"

"Ndinkafuna kuimva, asuweni. Ndaimva. Ndikafa lero musandilire."

Nthawi yomweyo m'galimoto munalowa kafungo kokoma. Ndinati kapena pali amayi ena akuotcha nsomba m'mbali mwa msewu. Tinayenda, kafungo kakutitsata. Mayi ananunkhiza kamodzi, nanditembenukira pang'onopang'ono. Rediyeta inali itatentha ngati chiwaya cha tchipisi, ndipo chambo cha kutsogolo chija chinali chitatsamira pomwepo.

Tisanakambe za mlandu umenewo, chigubu chinalira kuti fyoo. Injini inakhosomola, inagwedezeka, kenako inatulutsa kuti phuu kupaipi ya utsi, ngati mfuti ya gogodela, n'kufa. Tinayenderera pang'ono n'kukaima pa kamsika kena, pakati penipeni pa ulendo. Ku boma kutali, kunyumba kutali. Petulo yemwe ndinkati tipita naye, tibwerera naye, n'kutsalako wokaonera alamu, anali atatha.

Mayi anangopinda manja n'kumayang'ana boneti, ndipo ine ndinkaona m'maso mwawo akuwerenga mbaula.

Kuphulika kuja kunatulutsa kamsika konse. Telala anabwera tepi ili m'khosi, ometa anabwera ndi munthu wometedwa mbali imodzi. Minibasi inaima, anthu n'kutsika osafika kumene ankapita. Kenako panaima magalimoto a anthu a ku Lilongwe opita kokasamba kunyanja, onse mafoni m'mwamba. Wina ankafuna kukhala pa boneti, wina kugwira chiwongolero cha kumanzere. Ine, poti manyazi sapha, ndinatuluka n'kuyamba kufotokoza ngati tinaima dala.

Ndiye mayi wina wa magalasi akuda analoza pa waipa. "Agogo, chambochi n'chokongoletsera kapena n'chogulitsa?"

Ndinamva chitseko cha kumanja chikutseguka. Mayi a kunyumba anatsika, namanga chitenje bwinobwino, naima pakati pa galimoto ndi mafoni aja.

"Wofuna kujambula agule kaye," anatero. "Wokhala pa boneti atenge ziwiri."

Anthu anaseka, koma anagula. Bambo wina wa mimba yake anati sagula pokhapokha aimve ikulira. Msuweni anapendeketsa chigubu, nakama timadontho totsala, nathira mu kabureta. Vi-eyiti inabangula mpweya umodzi wokha n'kugonanso. Bamboyo anagwira pamtima, natenga chambo chonse cha pa bampa. Kubangulako kunaitananso ena omwe anali asanamve koyamba. Dzuwa lisanafike pamutu, pagalimoto panatsala milaza yokha ndi chambo cha pa rediyeta chija, chopsa mbali imodzi, inayo ikadali ndi maganizo a m'madzi.

Mayi anatenga dengu lawo, naitana kabaza, n'kumapita kunyumba osandiyang'ana. Ine ndi msuweni tinadikira ng'ombe za alamu mpaka masana. Pobwerera sindinaike chigongono pawindo. Pangano linali la ku boma, ndipo ku boma sitinafike. Titafika pakhomo ndinapeza abakha a aneba akuyendayenda pamalo paja ngati akudzaona puloti. Ndinapukuta boneti ndi malaya anga, n'kuiuza motsitsa kuti mbaula nayo ndi ntchito, imadyetsa anthu.

Titagona, ndikuyesa kupuma mwaulemu kuti ndisaonjezere mlandu, ndinamva chigongono m'nthiti.

"Bambo, mwagona?"

"Ayi, mayi."

"Chija chikhala. Koma msuweni wanu asayerekeze kuchikonza kuti chiziyenda, ndipo za kamphaka zija muiwale. Mawa ng'ombe zikachisiye pa kamsika pompaja. Petulo ndizigula ine, wa m'kabotolo, muzichiliza pokhapokha anthu akayamba kuchepa. Ndipo muvale jekete ija. Ndawamva a ku Lilongwe aja akufunsana ngati nanunso munabwera nacho limodzi kuchokera ku Amereka."