Wapampando wa Achule

Nkhani yanga yoyamba kuvomerezedwa m'jenala, magazini imene anthu ophunzira amasindikizamo zofufuza zawo, inatsala pang'ono kundichititsa manyazi chifukwa cha achule.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pa koleji, ndipo apulofesa amene ankandiyang'anira ankandikumbutsa mwezi ndi mwezi kuti mphunzitsi wosasindikiza kalikonse sakwezedwa pantchito. Ndinasankha kulemba za mmene amayi ogulitsa pamsika ku Kanyama amachitira madzi akasefukira. Ndinakulira komweko. Ndinkadziwa kudumpha pa miyala yoyalidwa m'madzi nsapato zili m'manja, choncho ndinkakhulupirira kuti palibe munthu wa m'komboni amene angandinamize.

Ndinayenda milungu itatu ndikujambula mawu pa foni. Amayi ambiri ankayankha mwaulesi: madzi akabwera timakweza katundu, akachuluka timakhala kunyumba, ana amatsegula m'mimba. Zonsezo zinali zoona, koma zosakoma kulemba. Kenako ndinafika pa tebulo la mayi wina wogulitsa tomato ndi impwa, wa mpata pakati pa mano, wochokera kum'mawa monga makolo anga. Anandikhazika pa chigubu, anayang'ana uku ndi uku ngati akubisa katundu wakuba, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu.

Anandiuza kuti amayi a pamsikapo ali ndi komiti yachinsinsi. Chaka chilichonse mvula isanayambe amasankha mayi mmodzi wa makutu akuthwa kuti akhale wapampando wa achule. Ntchito yake ndi kupita ku maenje akale ophwanyako miyala kukamvetsera. Achule akalira ndi mawu aang'ono, matebulo amakhala mmene alili. Akalira ndi mawu aakulu, aliyense amaika mabuloko awiri pansi pa miyendo ya tebulo lake. Akangokhala chete, katundu amachotsedwa ndipo ana amatumizidwa kwa abale ku Matero. Iye mwini anati anakhalapo pampandowo zaka ziwiri, mpaka anzake anamuchotsa chifukwa cha nsanje.

Ndinakwera minibasi ndikumwetulira ndekha. Tsiku lotsatira ndinafunsa mayi wina wogulitsa kapenta, tinsomba touma, za komitiyo. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, nandiuza kuti ndikafunse amene anandiuzayo. Ine ndinalemba m'kabuku kanga kuti akuteteza chinsinsi. Ndipo polemba nkhaniyo ndinaika mawu aang'ono awiri amene ndinkaona ngati alibe vuto: ndinati zimenezi anandifotokozera amayi angapo. Mmodzi ankaoneka wochepa kwambiri pa nkhani yokoma chotero.

Apulofesa anakonza zina ndi zina, dzina lawo linalowa pambali pa langa, tinatumiza. Akatswiri awiri osatchulidwa mayina, amene jenala inawapempha kuti aunike nkhaniyo, anakondwera ndi achulewo. Mmodzi anafunsa kuti ndi achule a mtundu wanji, ndipo ndinayankha mwaulemu kuti zimenezo zikufunika kafukufuku wina. Kalata yovomereza itabwera, amayi anga anaipinda n'kuiika m'Baibulo, ndipo anaionetsa gulu lonse la amayi a kutchalitchi ngakhale kuti sanaimvetse.

Patangopita milungu iwiri, Loweruka masana, ndinapita ku Chawama ku khitchini pate ya mwana wa msuweni wanga, phwando la amayi okhaokha lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya. Ndinavala chitenje ndi duku ngati wina aliyense, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi azakhali anga. Mayi aliyense akaitanidwa ankavina pang'ono, n'kupereka mphatso yake. Itafika nthawi ya mayi wina wobweretsa mapoto, anthu anakana kuti avine. Anayamba kumupempha kuti anene ija ya mtsikana wa kukoleji.

Ndinamuzindikira ndi mpata wa mano uja.

Anavula patapata n'kuligwira patsogolo ngati foni. Anatong'ola maso, n'kumagwedeza mutu mofulumira monga mmene ndimachitira ndikamva chinthu chondisangalatsa. Sindinkadziwa kuti ndimaoneka choncho. Ananena nkhani yonse, komiti, maenje, mabuloko, ndipo oimba ng'oma ankamuyankha ndi kamvekedwe ka chule. Kenako anasintha mawu kukhala anga.

"Anifunsa ati, 'Nanga amai, chule mwamuna na chule mukazi balila pamozi?' Ine nati, 'Iyai, mwana wanga. Mwamuna ndiye ayamba, mukazi abwela kumukonza.' Alemba!"

Nyumba yonse inagwa ndi kuseka. Azakhali anga ankandimenya pa ntchafu, misozi ili m'maso, akundifunsa ngati kukoleji kwathu kuli anthu opusa chotero. Ndinavomera kuti alipo. Za chule wamkazi wokonza mwamuna wake zinali pa tsamba lachisanu ndi chimodzi la nkhani yanga.

Lamlungu lonse ndinalimbana ndi maganizo. Jenalayo imasindikizidwa kutali, ndipo amene amaiwerenga sadzafika ku khitchini pate ya ku Chawama. Amayi a ku Kanyama nawonso sadzaiona. Mawu a mayiyo analipo pa foni, umboni wonse wakuti sindinapeke ndekha. Ndikanangokhala chete, achule akanandikweza pantchito. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi kuganiza za wophunzira wina, mwina wa dziko lina, akubwera ndi nsapato za mphira kudzafunafuna wapampando chifukwa anawerenga kwa ine.

Lolemba m'mawa ndinawauza apulofesa. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapuma anati mwina tingangofewetsa ndimeyo, tinene kuti ena mwa amayiwo anakana. Kenako anandifunsa kuti amayi amene anandiuza za komitiyo anali angati. Ndinati mmodzi. Anavalanso magalasi, n'kutsegula nkhaniyo pa kompyuta, n'kupeza malowo.

"Achule ndi bodza la mayiyo," anatero. "Koma 'angapo' uyu ndi wanu. Ndipo ine ndinasaina osafunsa."

Tinalemba kalata kwa mkonzi wa jenala tsiku lomwelo. Ndinayesa kulemba kuti pakhala kusamvetsetsana ndi mmodzi wa ofunsidwa, koma apulofesa anandifufutitsa. Tinanena zinthu ziwirizo mmene zinalili, n'kupempha kuti nkhaniyo aichotse isanasindikizidwe. Mkonziyo anayankha patapita masiku angapo. Anathokoza, anaichotsa, ndipo anati tikafufuzanso bwino titumize ngati nkhani yatsopano, imene idzaunikidwanso kuyambira pachiyambi. Amayi anga sindinawauze msanga. Kalata ija inakhalabe m'Baibulo miyezi ingapo.

Ndinabwerera ku Kanyama mvula itayamba kale. Mayi wa tomato uja anali atakweza tebulo lake pa matayala akale, ndipo atandiona sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndinamuuza kuti ku Chawama ndinalipo. Anandifunsa ngati anandiyerekeza bwino, ndipo ndinayenera kuvomera. Nditamufunsa chifukwa chake anandinamiza, anayamba wasanja tomato wake kaye.

"Chaka na chaka mubwela na vimapepala. Mafunso ni yamene yaja, na manzi ni yamene yaja. Mukayenda, sitimvelako vamene munalemba. Manje ine nizisangalase na chani? Iwe ndiwe woyamba kubwelako."

Anandiuzanso monyadira kuti ananamizapo mnyamata wina wa kafukufuku za nyerere, ndiponso mzungu wina za mphaka.

Ndinamupempha kuti tiyambirenso. Anavomera, koma anati ndisanatumize kulikonse ndidzawawerengere amayi onse pamsikapo, m'chinyanja, kuti amve zimene ndawanenera. Nthawi ino chinthu chilichonse ndinachifunsa kwa anthu osiyanasiyana, ndipo china ndinakachiona ndi maso. Zoona zake zinali zopanda ng'oma. Pali sitolo yosamalizidwa ya konkire yokwera, imene amayi amasungamo katundu madzi akafika m'mawondo. Amatsegula ngalande ndi makasu. Amene nyumba yake yalowa madzi, anzake amamugulitsira tomato wake tsiku limenelo.

Tsiku lowerenga linafika. Ndinaima pakati pa matebulo ndi mapepala anga, amayi akumvetsera kwinaku akugulitsa. Anandikonza dzina la msewu, ndiponso kuti ngalande amatsegula Lachiwiri osati Lachinayi. Zinayenda bwino mpaka ndinafika pa ndime yomaliza, pamene ndinalemba kuti amayiwo amagwira ntchito imeneyi mogwirizana.

Wogulitsa kapenta anandiimitsa. Anati pa liwu limenelo sakugwirizana nalo, chifukwa pali anthu ena amene khasu likangotuluka msana umawayamba kuwawa. Sanatchule dzina, koma anayang'ana tebulo la tomato. Mayi wa tomato anayankha kuti ena amabwera ndi khasu lopanda mpini kuti angooneka. Mkangano unakula, ogula anaima kuonerera, ndipo wina anayamba kukumbutsa za beseni limene linasowa m'sitolo ija mvula ya chaka chatha. Ine ndinatulutsa cholembera n'kufufuta liwulo.

Nkhaniyo inatuluka chaka chotsatira, yaifupi kuposa yoyamba ija. M'ndime yomaliza munalembedwa kuti amayiwo amatsegula ngalande Lachiwiri lililonse, ndipo amakangana za amene wagwira ntchito yochepa.