Ukwati pa Diski ya Odwala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera msuweni wanga, wapolisi wa pachipata cha malire ku Chitipa. Anamva kuti kachipatala kena pa boma kakufuna munthu wa makompyuta, ndipo ine, dipuloma yanga ikungotola fumbi ku Zomba, ndinakwera basi osafunsa zambiri.

Bwana wanga anali a Msukwa, oyang'anira ofesi. Tinali ndi seva imodzi, kompyuta yaikulu yosunga databesi ya mbiri za odwala, komanso diski yapadera yomwe ndinkasungirapo bakapu, kope la zonse lobwezeretsera zinthu zikawonongeka. Kenaka tinagula seva yachiwiri, yodikirira. Ndinakopera databesi yonse kupita pa iyo, nkuikonza kuti izitsatira chilichonse cholembedwa pa yoyamba, kuti inzake ikafa itenge malo.

A Msukwa anakondwa, nkutenga diski ija kukaitsekera mu kabati yawo. "Makora, zili bwino, mwana wane. Sono tili nazo ziwiri, bakapu njachiyaninso?" Ndinawauza kuti seva yodikirira imakopera zonse, zabwino ndi zowola zomwe. Anangoseka. Ndikaipempha diskiyo, yankho linali mawa.

Tsiku lina nthawi ya mvula magetsi anathima mwadzidzidzi, seva yoyamba osadzukanso. Ndinasamutsira ntchito pa yachiwiri, mtima uli m'malo. Posakhalitsa adokotala anandiitana. Anali ndi mayi wina, Nyakaonga, amene anachokera ku Wenya, mbali ina wapansi, mbali ina pa lole. Kabuku kake ka kuchipatala kanali katanyowa nkufufutika. Adokotala ankafuna kudziwa mankhwala omwe anamutupitsa thupi ulendo wapitawo, koma kompyuta inkangoti tsamba la deta lawonongeka.

Ndinawerenga malogi, momwe makina amalembamo zonse zowachitikira. Diski ya seva yoyamba inali itayamba kuwola kale pomwe ndinkakopera, ndipo yachiwiri inalandira zowolazo mokhulupirika. Ndinamanganso indekisi, mlozo wa databesiyo, osathandiza, chifukwa chowonongeka chinali tebulo lenilenilo losunga mbiri za odwala. Ndinathamangira kwa a Msukwa. Anandipatsa diski ija akuyang'ana kumbali. Nditailumikiza, ndinapeza mavidiyo a ukwati wa mwana wawo. Mabakapu onse anawafufuta kuti pakhale malo a anthu ovina.

Mpaka lero ndikakumbukira, magazi amawira. Ndipo pamaso pa anamwino onse, bambo yemweyo anati, "Mtsikanayu ndiye wawononga makina."

Ndinapulumutsa zomwe ndikanatha podumpha masamba owonongeka, koma mbiri ya Nyakaonga inali m'gulu la zotayika. Adokotala anakana kumupatsa mankhwala mongoganizira, anamutumiza kuchipatala chachikulu kukayambiranso mzere. Potuluka mayiyo anandiyang'ana nkufunsa, "Sono dzina langa lazgewa, latayika, mwana wane?" A Msukwa pa nthawiyo anali akufunsa ngati mavidiyo awo akadalipo.

Ndinachokako mwezi womwewo, mbiri yanga itaipa. Kuyambira pamenepo, seva yodikirira sindiitcha bakapu, ndipo bakapu yomwe sindinaitsegule ndekha nkuiyesa ndimaiwerengera kuti kulibe. Bwana akafuna kiyi ya kabati ya madiski, ndimamuuza kaye za mayi wa ku Wenya uja, kenaka ndimamukaniza.