Magalagadeya a bambo ku Lufita

Nthenga ya nkhuku ija ndimaikumbukabe, yoyera, nsonga yake itaderako ndi ufa wachikasu wa maluwa. Inkakhala pazenera la nyumba yathu ku Lufita, m'boma la Chitipa, chaka chimene bambo anatisiya.

Tinali obwera ife, a ku Balaka. Mayi ankagwira ntchito kuchipatala. Bambo asanadwale anabzala mtengo umodzi wa magalagadeya achikasu, mbewu yochokera kumudzi. Unayanga mpanda wonse, masamba biriwiri, maluwa mbee, koma duwa lililonse linkangofota n'kugwa. Tsiku lina mayi anati, "Nawonso mtengowu wakana dziko lino. Ukapanda kubereka chaka chino, tibwerera kwathu." Sindinafune kuchoka, pakuti ine kwathu kunali ku Lufita konko, kwa anzanga.

Mlandu wina unali wanga, ngakhale sindinkadziwa. Abemberezi ankaboola nsanamira za khonde, ndiye ndinkawapha ndi patapata, n'kumadzitama kuti ndikuteteza nyumba. Nzeru za mwana!

Amene anazindikira ndi mayi oyandikana nafe nyumba, a ku Misuku, ogulitsa nthochi. "Monire mama. Mwana uyu akupha antchito anu," anatero. Anafotokoza kuti kwawo kumapiri kozizira magalagadeya ofiirira amabereka ngakhale mtengo uli umodzi, koma atawayesa kuno kotentha ananyentchera. Achikasu kutentha sakuopa, koma mtengo wake subereka ndi ufa wa maluwa ake omwe, umafuna wa mtengo wina, ndipo onyamula ufawo ndi abemberezi. Iwo anali nawo wawo kuseri kwa nyumba.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka maluwa atatseguka, ankabwera ndi ufa panthenga. Mayi anga akaweruka ankagwira duwa, iwo n'kumapaka. Inali ntchito ya kanthawi kochepa, koma ankacheza mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Ndinayambanso kumva mayi akuseka.

Zipatso zinalendewera, zolemera m'manja, fungo lofika kumsewu, zowawasa moti ndinkadya chotsinzina. Za ulendo wa ku Balaka sizinatchulidwenso.

Ndinakulira ku Chitipa, ndipo mayi a ku Misuku aja ndimawathokoza mpaka lero. Koma nthawi imeneyo ankandidabwitsa. Abemberezi anali atabwerera, ntchito n'kumaigwira okha, koma iwo ankabwerabe madzulo alionse, chimanjamanja, n'kudzakhala pafupi ndi mayi anga. Ine ndinkangoti aiwala kuti mtengo unabereka kale.