Pasiwedi ya Ba Reuben

Ba Estina ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga mafotokope kuseri kwa msika wa Rufunsa, pakati pa telala ndi wogulitsa mankhwala a ziweto. Anabadwira ku Mpanshya, anaphunzira kutayipa ku Chongwe pa makina akale ogogoda aja, kenako anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu, ba Reuben. Ana awo awiri ali ku Lusaka. Anthu ambiri a m'derali amene anafunsirapo ntchito, kudandaula za malire a munda kapena kuitana abale ku ukwati, mawu awo anadutsa pa zala za ba Estina.

Laputopu ya m'shopumo inali ya ba Reuben. Ndi iwo anaikamo pulogalamu yotayipira, pogwiritsa ntchito akaunti imene anapatsidwa kuntchito. Ba Estina sanafunsepo za izo. Ankatsegula, kutayipa, kuseva, basi.

Ba Reuben anagwa m'kalasi Lachiwiri lina mu Juni, choko chili m'manja. Anagona m'chipatala masiku atatu osalankhula, tsiku lachinayi anapita. Pamaliro anthu ankati ba Estina ndi olimba mtima poti sanalire. Eni akewo sankadziwa ngati kunali kulimba. Akapatsidwa madzi ankamwa. Akauzidwa kuti akhale pamphasa ankakhala. Patatha mwezi anatsegulanso shopu, chifukwa panyumba panalibe chochita.

Chakumapeto kwa Ogasiti, atadina poseva kalata ina, pakati pa sikirini panatulukira kabokosi koyera. Pamwamba panali imelo ya ba Reuben, dzina lawo lonse, pansi pake mpata wolembapo pasiwedi. Ba Estina anayesa tsiku lobadwa la malemuwo, mayina a ana, dzina la mudzi wa apongozi awo. Zonse zinakanidwa. Anatseka kabokosiko, kanabweranso. Anatsekanso, kanabweranso.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Nthawi zina kalata inkasevedwa atatseka kabokosiko kanayi, nthawi zina ayi. Dzinalo ankaliwerenga mwina ka makumi atatu pa tsiku, ndipo silinkawapweteka. Linkangokhala ngati chikwangwani cha pamsewu. Mapeto ake anasiya kuseva. Ankatayipa, kupulinta, kupereka pepala kwa mwini wake, n'kutseka.

Mu Okutobala, kutentha kutafika poipa, kunabwera mlimi wina wachikulire wa ku Shikabeta, ba Phinias. Njovu zinali zitawathyolera nkhokwe ndi kudya chimanga cha chaka chonse, ndipo ankafuna kalata yopita kwa oyang'anira nyama zakutchire. Analibe cholemba chilichonse, zonse zinali m'mutu. Ankanena, kuima, kukumbukira tsiku lina, kubwerera m'mbuyo, kutchula anansi amene anaona. Anayamba dzuwa likadali pansi, masamba awiri anadzaza cha kumasana. Ba Estina atangotambasula dzanja kuti ayatse pulinta, magetsi anazima. Batire la laputopu linali litafa kalekale. Sikirini inada.

Magetsi atabwera patapita ola, kalatayo munalibe.

"Yapita, amayi?" anafunsa ba Phinias.

"Yapita."

"Yonse?"

"Yonse, atate. Pepani."

Mawuwo anatuluka ngati akuwerenga papepala. Ba Phinias anayang'ana dzuwa panja, anati galimoto ya kwawo ndi imodzi yokha ndipo sidikira munthu. Anavala chipewa, anati adzayesa kubweranso sabata ya mawa ngati njinga ya mwana wawo idzakhala bwino. Sanakalipe. Ba Estina anawaona akudutsa pakati pa ogulitsa tomato, akutsimphina pang'ono.

Pabenchi panali mayi wina akudikira fotokope, ba Mapalo, amene amalemba za odwala pa kompyuta ku kiliniki ndipo amaimba kwaya imodzi ndi ba Estina. Anaona zonse.

"Ba Estina, simuseva chifukwa chiyani?"

Ba Estina anatsegula tsamba latsopano, analemba liwu limodzi, anadina poseva, n'kutembenuzira laputopuyo kwa mnzawo. Kabokosi kaja kanatulukira, ba Mapalo anawerenga dzinalo.

"Zayamba liti?"

"Miyezi iwiri."

"Osauza munthu?"

"Sindinaganize."

Mawa lake ba Mapalo anabwera pa nthawi yopuma masana, atanyamula fulashi yosungira mafayilo. Anakoka mpando n'kufotokoza pang'onopang'ono. Akaunti ija inali ya kuntchito kwa ba Reuben, ndipo munthu akachoka pa ntchito amaitseka. Pulogalamuyo sinkadziwa zimenezo. Kalata iliyonse inkafuna kuitumiza kumalo osungira a pa intaneti a akaunti yotsekedwayo, n'chifukwa chake inkapempha pasiwedi.

"Ngakhale mukanaidziwa, sikanatsegula," anatero ba Mapalo. "Chofunika n'kuwatulutsa ba Reuben m'pulogalamu muno, tiikemo akaunti yanuyanu. Koma poyamba tikopere zonse zili mu laputopu, tisataye kanthu."

Anakopera mafayilo pa fulashi. Munali mayeso a giredi naini, ndandanda ya oimba kwaya, zithunzi za mbuzi zimene ba Reuben ankafuna kugula, ndi kalata yosamaliza yopempha kusamutsidwira ku Chongwe. Za kalata imeneyo ba Estina sankadziwa. Anaiwerenga mpaka pamene inathera, pakati pa chiganizo, n'kunena kuti, "Pitirizani."

Ba Mapalo anatsegula malo a akaunti, anaika kamuvi pa mawu otulutsira munthu, koma sanadine.

"Mukufuna mudine nokha, kapena?"

"Dinani chabe."

Anadina. Kenako analowa pamalo ena pamene laputopu imasunga mapasiwedi akale, anafufuta mizere itatu ya dzina la ba Reuben, anazimitsa n'kuyatsanso. Anatsegulira ba Estina imelo yawo yoyamba m'moyo, anawauza asankhe pasiwedi ndi kuilemba m'buku la panyumba, osati la m'shopu. Anasinthanso kuti makalata azisungidwa mu laputopu momwemo, osadalira netiweki.

"Yesani manje."

Ba Estina analemba dzina lawo, anadina poseva. Palibe chinatulukira. Anadikira ndithu, akuyang'ana pakati pa sikirini. Ba Mapalo anawagwira paphewa, maso awo ali ndi misozi. Ba Estina anafuna kumva chimene mnzawoyo ankamva, anachifunafuna m'chifuwa, sanachipeze. Anati zikomo kwambiri, n'kufunsa ngati batire latsopano lingapezeke ku Chongwe kapena mpaka ku Lusaka.

Ba Phinias anabwera patatha sabata ziwiri, osati imodzi. Nthawi imeneyi njovu zinali zitabweranso n'kugwetsa khola la anansi awo, ndiye kalata inatalika kufika masamba atatu. Ba Estina ankaseva pakutha pa ndime iliyonse. Anapulinta makope awiri, anawaonetsa posayina, anawaikira mu envulopu ya khaki kuti asadetsedwe ndi fumbi la m'njira.

Madzulo ake anasesa m'shopu, anaphimba makina a fotokope ndi chitenje, anakhoma chitseko. Popita kunyumba anaima pamsika kugula repu ndi tomato awiri, ndiwo za munthu mmodzi.