Mabulaketi Opotoka a Bambo Akunyumba

Bambo akunyumba anaphunzitsa kompyuta zaka zambiri asanaigwirepo kompyutayo. Ndikanena chonchi anthu amaseka, koma pa sekondale yoyendera pomwe tinkakhala, kuseri kwa Mitundu, palibe ankadabwa. Magetsi kunalibe, makina kunalibe, koma buku linalipo. Linabwera m'katoni ya mabuku a mphatso ochokera kunja, lolemera ngati njerwa, ndipo iwo analikuta ndi pepala la thumba la simenti. Ine mkazi wawo sindinkaloledwa kulisuntha ngakhale popukuta patebulo.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere. Mwana ankalemba malamulo a kompyuta pabolodi, kenako bambo ankaima kutsogolo manja kumbuyo, n'kusanduka kompyutayo. Akapeza cholakwika ankangoti, "Yakana," mwana uja n'kupita kukatchetcha pagalaundi. Ambiri ankagwera pa mndandanda wa zinthu umene a kompyuta amautcha arei. Ukafuna kutolapo chinthu chimodzi, bukulo linkati nambala yake uitsekere m'mabulaketi opotokapotoka aja, ovuta kulemba ndi choko. Wolemba mabulaketi a ngodya, ngakhale atanena kuti wawaona pafoni ya achimwene ake, ankatchetcha basi. Udzu wa pasukulupo sunkakula.

Kenako magetsi anafika, makompyuta angapo ogwiritsidwapo kale ntchito n'kutsatira. Nthawi yomweyo kunabwera mphunzitsi watsopano, mtsikana wa ku Nathenje wongomaliza kumene koleji, yemwe kale anali wophunzira wa bambo. Ndi iye anawalumikiza makinawo. Ahedi anaitanitsa makolo kuti Lolemba adzaone chitukuko, ndipo ananena mosabisa kuti amene makina adzamumvere pamaso pa makolo ndiye atenga phunzirolo pamodzi ndi kiyi wa chipinda cha makompyuta. Bambo anangoseka. Kiyiyo anali atamugulira kale chingwe.

Lachisanu anakayeserera. Anabwera kunyumba nkhope ili gwa, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Nditafunsa anayankha mawu amodzi okha, akuti yakana. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kutsamwa.

Poyamba mlandu unagwera fumbi. Loweruka m'mawa anamangirira kompyuta panjinga kupita nayo kwa wokonza mafoni pamsika, amene anaipopa ndi pampu ya njinga n'kuibweza. Inakanabe. Ndiye bambo anati ndi yafeki. Atayesa makompyuta enawo n'kukana onse, anayamba kunong'ona kuti mtsikana uja wawachita chipongwe makinawo. Buku lokha ndilo silinakhudzidwe ndi mlandu, poti buku la chikuto cholimba, lochokera kunja, linganame bwanji?

Ndinawauza kuti kufunsa ndi kudziwa njira. Iwo akuti munthu wamkulu sangakagwade kwa mwana amene anamutchetchetsa udzu. Apa mtima wanga unakwera. Chitenje chatsopano ndinali nditasita kale, ndipo sindikanalola kukakhala pampando wakutsogolo n'kumaonerera mwamuna wanga akukanidwa ndi makina makolo ali phee.

"Mawa tikatuluka m'tchalitchi tikupita ku Nathenje," ndinatero. "Mukakana ndipita ndekha, buku lanulo ndili nalo pamutu."

Tinakwera njinga yamoto ya kabaza kudzera njira yafumbi, buku lili pakati pathu, ine nditanyamula kathumba ka mtedza poti kwa eni sapita chimanjamanja. Mtsikanayo tinamupeza akuchapa kwa makolo ake. Anatiyalira mphasa, n'kugwada potilonjera. Bambo anazungulira ndi nkhani ya mvula ndi ya fodya mpaka ndinawagunda ndi chigongono.

Ataulula vuto lawo mtsikanayo sanaseke, ndipo ndimamulemekezabe chifukwa cha chimenecho. Anatsegula tsamba loyambirira, n'kuwalozera chaka chimene bukulo linasindikizidwa. Chaka chimenecho iye anali asanabadwe. Anafotokoza mofatsa kuti eni ake chiyankhulo cha kompyutacho anasiya kalekale mabulaketi opotoka, tsopano makina amamva a ngodya okha.

"Buku silinaname, aphunzitsi," anatero. "Langokalamba."

Bambo anasisita pepala la simenti lija. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, ngati ana onse aja amene ankalemba a ngodya ankakhoza. Mtsikanayo anayang'ana pansi n'kuvomera. Apo chiseko chinandithera, ndinawamvera chisoni mwamuna wanga.

Anawaonetsa pokonza, ndipo Lolemba bambo analemba mabulaketi a ngodya, kompyuta n'kumvera. Dzina la mwana woyamba pamndandanda wa ophunzira litatulukira pagalasi la kompyuta, amayi analulutira ngati pa chinkhoswe. Ahedi anaimirira, n'kupereka kiyi kwa bambo. Ine mtima unakhala pansi, ndinati tapulumuka.

Koma bambo sanamuike m'thumba. Anadutsa pakati pa makolo mpaka kumbuyo komwe mtsikana uja anaima, n'kumupatsa kiyiyo ndi manja awiri. Anamutchula kuti madamu, koyamba chibwerere chake pasukulupo.

Panjira yobwerera ndinawakalipira kuti ataya chinthu chili m'manja. Kenako tinafika pakhomo. Akuvula nsapato anati madamu avomera kumawaphunzitsa pamodzi ndi ana a folomu wani, ndipo anandipempha kuti ndiziwadzutsa msanga kuti azikapeza malo a kutsogolo, poti maso nawonso ayamba kukana.